Ulusi Wofiira pa Silipasi ya Aphunzitsi

Telala anali asanatsekepo shopu yake masiku atatu otsatizana chiyambire kusoka. Ngakhale pamene mwamuna wake woyamba anamuthawa, analira tsiku limodzi lokha, m'mawa mwake makina ndiwo ankalira m'malo mwake. Koma tchuthi chino anakhoma chitseko, nakatula mwana kwa mkulu wake, chifukwa bwenzi lake, Mphunzitsi, anamuchonderera mwezi wathunthu. Ankati kutauni ina, ulendo wa maola atatu pa basi, kuli nyumba yakale ya munthu wina wamalonda imene anaisandutsa mosungira zinthu zamakedzana, ndipo m'chipinda chapamwamba muli diresi la ukwati la zaka zoposa zana, losokedwa pamanja kuyambira m'khosi mpaka kumpendero. Munthu wa singano asafe asanalione, ankatero.

Telala anamufunsa ngati analiona ndi maso ake. Anamufunsa kushopu, anamufunsanso m'basi, ndipo m'mawa wa Lachitatu, akumwa tiyi kunyumba yogona alendo kumene aliyense anali ndi chipinda chake, anamufunsa kachitatu. Katatu konse Mphunzitsi anati ayi, anangomva kwa mnzake wa kusukulu, iye tauniyi sanaipondepo.

Sikuti Telala ankangofunsa kuti pakamwa pasaume. Tsiku limene anamulola, anamuuza kuti umphawi apirira, mkonono apirira, ngakhale mapazi akewo, amene ana asukulu anamupatsa nawo dzina loti Chiphazi, apirira. Koma bodza analidya kale mpaka kukhuta, sadzalilawanso. Ndipo Loweruka likubweralo anali woti akaonekere koyamba kwa amayi a Mphunzitsi, ngakhale azakhali a mwamunayo anali atalumbira kuti mkazi wosiyidwa ukwati, wa mwana m'manja, salowa pakhomo pa malemu mlongo wawo iwo akadali ndi moyo.

Nyumba ija inali yosanjikiza, ya mawindo aataliatali ndi chitseko cholemera ngati cha tchalitchi. Polowera panali benchi, shelefu ya nsapato ndi dengu lalikulu. Pambali pa dengulo pankakhala mayi wina wa magalasi. Matabwa a pansi m'nyumbamo anali okalamba, choncho mlendo aliyense ankavula nsapato n'kuvala masilipasi ansalu a m'dengumo. Mayiyo sankayang'ana anthu kumaso. Ankayang'ana kumapazi kuti adziwe saizi.

Anayang'ana mapazi a Telala, namupatsa ake. Atayang'ana a Mphunzitsi, nkhope yake inawala ngati waona m'bale wotayika.

"Abambo a mapazi aja, mwabweranso? Anu aja ndinasunga padera, sanakwanepo munthu wina."

Mphunzitsi anaseka kuseka kouma, nati mwina akumufanizira ndi wina. Mayiyo anati nkhope akhoza kuiwala, koma mapazi ngati amenewo, pa zaka khumi ndi ziwiri zimene wakhala pakhomopo, anangowaona kamodzi. Anawerama, natulutsa pansi pa benchi masilipasi awiri ong'ambidwa kuchidendene, owonjezeredwa chigamba.

Telala anawalandira mwiniwake asanatambasule dzanja. Wosoka aliyense akagwira nsalu amayamba waitembenuza kuti aone msoko, ndi matenda a ntchitoyi. Anatembenuza. Ulusi unali wofiira psuu, msoko wobwerera m'mbuyo, ndipo kumapeto kwake kunali mfundo ziwiri, yachiwiri yobisala pansi pa yoyamba. Mfundo imeneyo anaitulukira ndi iye mwini, ndipo pansi pano anaiphunzitsa munthu mmodzi yekha: mtsikana amene anakhala naye pa makina zaka zitatu, kenako n'kukatsegula shopu yake kutsidya kwa msewu atakokolola theka la makasitomala. Anthu ankangomutchula kuti Wakutsidya. Amayi a mtsikanayo ankaimba kwaya limodzi ndi azakhali a Mphunzitsi.

Mofatsa, ngati akufunsa njira, Telala anafunsa amene anasoka chigambacho. Mayi wa pakhomo anamasula thumba lonse. Anati tchuthi chapitachi anabwera atatu: abambowa, mayi wina wachikulire woyankhula mokweza, ndi mtsikana waulemu zedi. Masilipasi onse a m'dengu atakana, mtsikanayo anatulutsa singano m'kachikwama, nakhala pa benchi lomweli, naika phazi la abambowa pamiyendo pake, naliyeza ndi zala, nasoka nthawi yomweyo. Achikulire aja anati, mwamuona mpongozi wangayo manja ake? Abambowa anangoseka.

Pamenepo m'pamene mayiyo anakweza maso koyamba, namuyang'ana Telala.

"Nanga inu ndinu alongo awo?"

Telala anavula masilipasi ake, nawapinda bwinobwino, nawabwezera m'dengu. Anavala nsapato, natuluka.

*

Mphunzitsi anamupeza kubwalo, pafupi ndi ngolo yakale yokokedwa ndi akavalo imene inali ndi chikwangwani choletsa kugwira. Anafika akukoka nsapato yosamanga zingwe, thukuta lili kamukamu.

Anayamba kufotokoza mwadongosolo ngati ali m'kalasi. Azakhali anamupempha kuti awaperekeze kukapimitsa maso m'tauni muno. Atafika kudepoti anapeza Wakutsidya atakhala kale m'basi, kachikwama kali pamiyendo. Akanatani, akanadumphira pawindo? Atachoka kopimitsa maso, azakhali anati nthawi ilipo, tikaone nyumba yakale. Iye tsiku lonse sanayankhule mawu okwana khumi. Ndipo ataimirira patsogolo pa diresi lija, m'mutu mwake munali munthu mmodzi yekha, a Telala, ndipo ndi tsiku lomwelo limene analumbira kuti adzawabweretsa. Anabisa chifukwa ankadziwa kuti akwiya.

"Ndiye munaona kuti chondisangalatsa ndi bodza?"

"Sindinafune kukupwetekani mtima."

"Katatu, Aphunzitsi. Ndinakufunsani katatu. Mwana akakulakwirani samu imodzi katatu mumamulembera chiyani m'kope?"

Mphunzitsi anayang'ana matayala a ngolo. Telala anati za basi alibe nazo ntchito, basi ndi ya aliyense. Koma phazi. Phazi lake linakapezeka bwanji pamiyendo pa munthu? Mphunzitsi anati mtsikanayo anangolinyamula mwadzidzidzi, iye asanaganize n'komwe.

"Phazi limenelo? Kulinyamula mwiniwake asakufuna? Amuna awiri sangalikweze pa ngolo iyi."

Alendo ena awiri amene ankajambula ngoloyo anatsitsa mafoni n'kuyamba kumvetsera. Telala sanawasamale. Anafunsa kuti azakhali atanena kuti mpongozi, pakamwa pa Mphunzitsi panali chiyani, madzi? Mphunzitsi anati munthu wamkulu samutsutsa pamaso pa alendo, iye analeredwa choncho. Telala anati aleredwa bwino kwambiri, ndipo Loweruka, azakhali akadzanena mawu omwewo pamaso pa amayi, adzasekanso chimodzimodzi, iye ali chikhalire pampando ngati katundu woiwalika m'basi. Anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi amene akuvumbwa ndi iye, mwamunayo ali gwa pouma.

Chimene chinkamuotcha kwambiri anachisunga kumapeto. Mtsikana uja anabwera kwa iye asakudziwa kulowetsa ulusi pa singano. Anamugwira dzanja zaka zitatu. Mtsikanayo atamutengera makasitomala, iye sanalimbane naye. Lero wamusokera mwamuna ndi mfundo yake yomwe.

"Iwe si woipa ayi," anatero. "Ndiwe wamantha basi. Ndipo wamantha amanama kuposa woipa."

Kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Mphunzitsi anatsamira ngolo, ndipo mlonda anabwera kudzamuuza kuti abambo, chikwangwanicho chawerengeka bwino, ngolo siyogwira.

*

Madzulo dzuwa likupendeka Telala anali atalongedza kale chikwama. Anakhala pa bedi, foni ikungonjenjemera pambali pake. Mauthenga a Mphunzitsi ankabwera motsatizana, aataliatali, olembedwa bwino ngati kalata yofunsira ntchito. Wina unkati wazindikira kulakwa kwake. Wina unkati anali pampanipani. Wina unkati wagula malalanje, ali pakhomo. Telala sanatsegule chitseko. Anamva mapazi aja akubwerera m'khonde, ndipo ngakhale mwamunayo ankayesa kunyang'ama, matabwa onse ankamuneneza.

Kenako anachita chimene ankadziwa kuti chimupweteka. Anatsegula zithunzi za Wakutsidya pa foni, nabwerera m'mbuyo mpaka tchuthi chapita. Chinalipo. Mtsikanayo ataimirira pa masitepe amatabwa, akumwetulira mano onse panja, ndipo pansi analemba kuti tsiku lokoma ndi anthu okoma. Pakona pa chithunzicho, wojambula atadula thupi lonse, panatsala chinthu chimodzi: chiphazi chachikulu mu silipasi ya chigamba.

Chithunzicho Telala anali atachiona kale, pa tchuthi chomwecho. Anachiona, ndipo pofuna kusonyeza kuti alibe mangawa ndi mtsikanayo, anadinapo kamtima.

Anaponya foni pa pilo, naimirira, nakhalanso. Ataitola analemba uthenga umodzi: akwera basi ya mawa masana, ndipo asaperekezedwe.

Koma panali kanthu kena kamene kankamukuta mtima, ndipo poyamba anachita nako manyazi. Shopu watseka masiku atatu, mwana wamusiya akulira, ndiye abwerere asanalione diresi limene Wakutsidya analiona? Ayi. Mwamuna akhoza kumutaya, koma diresi alionabe.

*

M'mawa wa Lachinayi anapita yekha. Mayi wa pakhomo anamupatsa masilipasi osayankha moni. Telala anadabwa pang'ono, koma sanafunse. Anadutsa chipinda chodyera chimene chinali ndi tebulo la anthu khumi ndi awiri, mbale zili m'malo mwake ngati eni ake angotuluka. Anadutsa mawotchi aakulu oima, ndi zithunzi za amuna a ndevu zopota amene onse ankaoneka ngati akudziwa nkhani yake. Anakwera masitepe omwe aja a pa chithunzi, osagwira chogwirira.

Diresi linali pakati pa chipinda, m'bokosi la galasi. Silinalinso loyera, linali litasanduka ngati mkaka wowira. Telala anayandikira galasilo. Anawerenga mabatani a kumsana, makumi anayi ndi awiri, lililonse lokutidwa ndi nsalu. Msoko wa m'manja unali waung'ono ngati mchenga, wofanana kuyambira paphewa mpaka pamkono, ndipo anadzifunsa kuti mayi ameneyo maso ake anatsala nawo atamaliza? Anazungulira bokosilo kawiri. Kachitatu anawerama, mphuno pafupi ndi galasi, naona chimene chikwangwani sichinanene. M'chiuno diresilo linamasulidwapo n'kusokedwanso ndi ulusi wina. Wokonzayo anali katswiri, koma timabowo ta singano yoyamba tinkaonekabe, mzere wonse, patapita zaka zana.

Kumasitepe kunamveka matabwa akudandaula. Sanacheuke. Mapazi amenewo akanawadziwa ngakhale pakati pa msika.

Mphunzitsi anaimirira pakhomo la chipindacho atavala masokosi okha, chala chachikulu chitasuzumira pa bowo. Masilipasi a chigamba anali m'manja. Anati walimbana ndi mayi wa pakhomo theka la ola. Wamuuza kuti lamulo likuletsa nsapato, za masokosi silinena kanthu, ndipo masilipasi awa sadzawavalanso ngakhale amumange. Anawapereka kwa Telala ndi manja awiri.

Telala anawalandira. Mkwiyo unali pomwepo, sunasunthe, koma chala cha pa bowo chija chinkasokoneza zinthu. Anakhala pa kampando ka alendo pafupi ndi windo, natulutsa kasizasi m'chikwama, nayamba kumasula msoko wofiira uja. Anayambira pa mfundo yobisala, poti ndi iye yekha ankadziwa pamene imagwirira.

Akumasula, anayankhula osakweza mutu. Anati sakumukhululukira, asanamizike. Akungomupatsa Loweruka. Tsiku limenelo, pamaso pa amayi ndi azakhali, anene ndi pakamwa pake kuti mkazi amene akumufuna ndi uyu, wa mwana m'manja yemweyu, ndipo azakhali akatchula mpongozi wina, awayankhe pomwepo, osati kuseri. Akaseka, iye adzanyamuka, ndipo asadzadutsenso pashopu ngakhale batani litaduka. Mphunzitsi anavomera zonse, mutu ukugwedezeka ngati wa gulo.

Ulusi unatuluka wonse, wautali, wopotanapotana. Telala anaukulunga pa chala, kenako anakweza maso.

"Latsala bodza lina? Ngati lilipo litulutseni pano, ndidakali ndi sizasi m'manja."

"Palibe."

"Amayi akudziwa kuti muli kuno ndi ine?"

Mphunzitsi anachedwa pang'ono, nthawi yongokwana kulowetsa ulusi pa singano.

"Akudziwa."

Telala anaika kampukutu ka ulusi wofiira m'thumba la malaya a Mphunzitsi, nati akapereke kwa azakhali, abwezere mwini wake. Mphunzitsi anafunsa ngati asoka chigambacho ndi ulusi wake. Telala anati singano ali nayo, ulusi ali nawo, koma asoka Lamlungu, akamva zimene zidzatuluke pakamwa Loweruka. Ndiyeno, poti mtima wa wosoka suugwira, anamukoka mkono n'kumuonetsa timabowo ta m'chiuno mwa diresi, namufunsa ngati ulendo woyamba uja anationa. Mphunzitsi anati ayi. Telala anati ankadziwa, anthu ena amayenda ndi mapazi okha.

*

Anatsika masitepe Telala patsogolo, masilipasi ong'ambika ali m'manja, Mphunzitsi pambuyo. Atafika polowera, Telala anapita pa shelefu kukatenga nsapato zake, ndipo dzanja linaima m'malere.

Pambali pa nsapato za Mphunzitsi, zimene zinkadya malo a anthu awiri, panali nsapato za anthu atatu zimene panalibe pamene ankalowa. Zoyamba zinali zachikasu, zazitali chidendene, ndipo Telala ankaziona tsiku ndi tsiku zikuwoloka msewu kutsogolo kwa shopu yake. Zachiwiri zinali zakuda, zophwatalala, zopindika mbali imodzi, za munthu woyenda molamula. Zachitatu sankazidziwa: tinsapato tansalu tating'ono, tochapidwa mpaka kuyera mbee.

Kumbuyo kwake Mphunzitsi anapuma ngati waponda minga. Tinsapato timeneto anagula ndi iye.

Mayi wa pakhomo ankapinda masilipasi, maso ali m'dengu. Anayankhula osafunsidwa. Anati mtsikana waulemu uja anamusiyira nambala, poti analonjeza kuti azisokera nyumbayi masilipasi atsopano. Dzulo, ataona zimene anaona, anamuimbira. Anati iye ndi mkazi, anaonapo zambiri pakhomo pano, ndipo mkazi mnzake akamaberedwa mwamuna masana dzuwa likuswa mtengo sangakhale chete.

"Woberedwayo ndani, mayi?" Telala anafunsa, mawu ali pansipansi.

Nthawi yomweyo m'chipinda chodyera munamveka mawu okweza akuyamikira mbale, kenako anthu atatu anatulukira, masilipasi akukhwekhwereza pa matabwa. Azakhali anali patsogolo, chifuwa chili patsogolo pawo. Pambuyo pankabwera Wakutsidya, atagwira mkono wa mayi wamng'ono thupi, wa imvi, ngati wakhala akuugwira zaka khumi. Ataona Telala anamwetulira, nagwada pang'ono, napereka moni kwa aphunzitsi ake a zosoka mwaulemu wonse.

Mayi wa imvi uja sanayang'ane aliyense koma mwana wake. Anayang'ana chala cha pa bowo, anayang'ana kansonga ka ulusi wofiira kolendewera pathumba la malaya, kenako nkhope. Sanakweze mawu.

"Mwanangu, maphunziro a aphunzitsi aja unandiuza, akuchitikira muno?"

Telala anatembenuka pang'onopang'ono. Mphunzitsi anali atatuwa ngati choko.

"Kachinayi, Aphunzitsi," anatero, mongoti amve iye yekha.

Anaika masilipasi ong'ambika aja pa benchi. Akanatha kuvala nsapato zake n'kutuluka monga dzulo, basi ya masana inali isananyamuke. Koma mayi wa imvi anali atatembenuzira maso kwa iye tsopano, maso ofatsa, ofunsa, akumuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga iye amayezera kasitomala.

"Nanga mayiwa ndani?"

Azakhali anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma amayi anakweza dzanja, nati afunsa mwana wawo. Telala anapinda manja pachifuwa, kasizasi kadakali pa chala. Sanafune kumuthandiza ngakhale ndi diso. Loweruka linali lafika Lachinayi, ndipo akazi asanu, kuphatikiza wa pakhomo amene kwa zaka khumi ndi ziwiri ankangoona mapazi, onse anali kuyang'ana pakamwa pa Mphunzitsi.